Chivomezi Sichipereka Chenjezo: Mawu kwa Atsogoleri a kwa Dambe

Anthu ambiri m'dziko muno amaganiza kuti chivomezi ndi tsoka la maiko akutali. Maganizo otere ndi olakwa. Dziko la Malawi lili m'chigwa chachikulu chong'ambika cha kum'mawa kwa Afirika, momwe thanthwe la pansi pa nthaka likupatukana pang'onopang'ono. Nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire zili m'kati mwa mng'alu umenewu, ndipo mapiri a Kirk Range, komwe kuli dera la Mfumu Dambe m'boma la Neno, ali m'mphepete mwake.

Mbiri ya dziko lapansi ikutiphunzitsa zambiri pa nkhaniyi. Pa 1 Novembala 1755 chivomezi chidagumula mzinda wa Lisbon ku Portugal, ndipo madzi a m'nyanja ndi moto zidatsiriza zotsala. Pa 26 Disembala 2004 chivomezi cha pansi pa nyanja kufupi ndi chisumbu cha Sumatra chidautsa mafunde aakulu otchedwa tsunami, amene adapha anthu oposa 200,000 m'maiko ambiri, mpaka kufika ku Somalia ndi Tanzania.

Koma phunziro lalikulu lidadza m'chaka cha 2010. Mu Januwale chivomezi cha mphamvu ya 7.0 chidapha anthu oposa 100,000 ku Haiti. Mwezi wotsatira china champhamvu koposa, cha 8.8, chidagwedeza dziko la Chile, koma omwalira sadafike 1,000. Chifukwa chimodzi chachikulu chidali kamangidwe: ku Chile malamulo omangira nyumba ankatsatidwa, pamene ku Haiti nyumba zambiri zidamangidwa mwachisawawa. Kawirikawiri chimene chimapha munthu ndi khoma lomugwera.

Kwathu kuno taziona kale. Usiku wa pa 10 Malichi 1989 chivomezi cha ku Salima chidapha anthu 9 ndi kusiya ena pafupifupi 50,000 opanda pokhala. Mu Disembala 2009 nthaka idagwedezeka kangapo ku Karonga. Anthu 4 adamwalira, ndipo nyumba zikwizikwi pamodzi ndi sukulu zidawonongeka. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Mafunde a tsunami sangafike pamwamba pa mapiri a kwa Dambe. Choopsa kumeneko ndi makoma a njerwa zomangira dothi, nyumba zomangidwa pamatsitso, ndi zigumukire za nthaka ndi miyala. Komanso misewu yopita kuderali imavuta nthawi ya dzinja, kotero kuti chithandizo chochokera ku Neno boma kapena ku Blantyre chingachedwe. Oyamba kupulumutsa anzawo adzakhala eni mudzi omwe.

N'chifukwa chake tikupempha akuluakulu a khonsolo, mafumu ndi makomiti a sukulu kuti asalole chipinda chophunziriramo kumangidwa mothamanga. Maziko akumbidwe mpaka pa nthaka yolimba. Njerwa zilumane bwino m'ngodya. Lintala ya simenti ndi zitsulo izungulire nyumba yonse pamwamba pa zitseko ndi mazenera, ndipo denga likhale lopepuka ndi lomangiriridwa ku khoma. Ming'alu ya m'makoma a sukulu zakale ikonzedwe msanga.

Inu aphunzitsi, udindo wanu ndi waukulu. Phunzitsani ana kuti nthaka ikayamba kugwedezeka alowe pansi pa desiki, kapena agwade ndi kuphimba mutu ndi manja, osakanganirana pakhomo. Kugwedezekako kukaleka atuluke mwadongosolo kupita pabwalo, kutali ndi makoma ndi mitengo, pakuti chivomezi chachikulu chimatsatidwa ndi zina zing'onozing'ono. Yesererani zimenezi kamodzi pa teremu.

Akatswiri a za miyala ku Zomba amatha kuyeza chivomezi chikachitika, koma palibe munthu padziko lapansi amene angalosere tsiku lake. Chotero ntchito yokonzekera iyambe lero, thumba la simenti lililonse logulidwira sukulu lipite pakhoma la sukuluyo.