Kusankha machila ogonamo pa ulenje wa m'nyengo yozizira

Alenje ena a ku United States ndi Canada, omwe amatha masiku angapo m'nkhalango akusaka mbawala ndi elk (mtundu wa mbawala zikuluzikulu), anasiya tenti n'kuyamba kugona m'machila a nsalu omangirira ku mitengo iwiri. Machila ndi opepuka ndipo safuna malo osalala: amamangika pamtsetse, pamiyala ngakhale pamatope. Chovuta ndi nyengo. Ku Wisconsin, masiku 9 osaka mbawala ndi mfuti amakhala chakumapeto kwa Novembala, ndipo m'mapiri a Rocky ku Colorado madzi amaundana usiku ngakhale mu Okutobala. Machila anachokera kumadera otentha a Caribbean ndi South America, komwe ubwino wake n'kupitisa mphepo kunsi kwa wogona. M'chisanu ubwino womwewo umasanduka ngozi.

Chofunda sichipanga kutentha. Ntchito yake n'kutsekera mpweya pakati pa nthenga kapena ulusi, ndipo mpweya wosayendawo ndi umene umasunga kutentha kwa thupi. Munthu akalowa m'thumba logonamo n'kugona m'machila, msana ndi matako zimapsinja nthenga za kunsi mpaka mpweya wonse kutuluka. Chotsala pakati pa khungu ndi mphepo ndi kansalu kopyapyala ka nayiloni. N'chifukwa chake wogona m'machila amayamba kumva kuzizira kumsana usiku usanazizire n'komwe, ngakhale pachifuwa pali potentha. Posankha zogonera, choyamba kuganizira ndi cha kunsi.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi underquilt, chofunda chomwe chimalendewera kunja kwa machila ndi zingwe zotamuka, n'kukumbatira msana popanda kupsinjika. Cha m'chisanu chiyenera kufika kuyambira kumutu mpaka kumapazi ndi kukhudza machila paliponse, chifukwa mpata wolowa dzanja ndi wokwanira kulowetsa mphepo usiku wonse. Yachiwiri ndi kamatiresi ka siponji kapena kopopa, koyala m'kati. N'kotchipa ndipo kamagwiranso ntchito pansi, koma kamatsetsereka, kamasiya mapewa poyera, ndipo thukuta limadikha pamwamba pake. Mphamvu yake yotchinga kuzizira imalembedwa ndi nambala ya R-value, ndipo pogona pozizira kwambiri pamafunika ya 4 kapena kuposa.

Zoikamo m'zofunda zilinso mitundu iwiri. Nthenga zofewa za atsekwe ndi abakha zimafunda kwambiri, n'zopepuka, ndipo zimapindika n'kulowa m'kachikwama kakang'ono, koma zikanyowa zimamatana n'kutha ntchito. Ulusi wopangidwa kufakitale ndi wolemera, koma umasungabe kutentha ukanyowa ndipo suchedwa kuuma. Opanga amalemba pachofunda chilichonse madigiri omwe chingapirire. Popeza anthu amamva kuzizira mosiyana ndipo mlenje amagona atatopa, ndi bwino kutenga chopirira madigiri 5 kutsika kuposa omwe azanyengo alosera. Pamwamba pamakhala chofunda chokhala ndi thumba la mapazi, kumutu chipewa cha ubweya.

Lona lomangidwa pamwamba pa machila ndiye mpanda wa mphepo. La m'chisanu limakhala lalikulu, lotsikira pafupi ndi nthaka, lokhala ndi zotseka kumapeto, ndipo mbali yake yaitali imayang'ana komwe mphepo ikuchokera. Silitsekedwa kotheratu, poti nthunzi ya mpweya wopuma imaundana m'kati n'kunyowetsa zofunda. Malamba omangira machila mumtengo azikhala otambalala masentimita 2.5 kapena kuposa kuti asasupule khungwa, ndipo azipendekeka pafupifupi madigiri 30. Akakokedwa kwambiri mphamvu yokoka imachuluka pamtengo ndi pazingwe. Wogona amagona mopingasa pang'ono kuti msana uwongoke. Asanamange amayang'ana m'mwamba, chifukwa nthambi zouma zimathyoka ndi mphepo kapena kulemera kwa chipale chofewa. Malo a m'dambo ndi m'mbali mwa mtsinje ndi oipa, popeza mpweya wozizira ndi wolemera ndipo umatsikira m'zigwa usiku.

Zonsezi n'zopewera hypothermia. Thupi la munthu limatentha pafupifupi madigiri 37, ndipo likatsika kupyola 35 vutoli layamba. Munthu amanjenjemera, zala zimakanika kumanga chingwe, mawu amatuluka ngati a woledzera, kenako maganizo amasokonezeka ndipo tulo timamugwira. Kunjenjemera kukaleka iye akuzizirabe, moyo uli pachiswe. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya, choncho zovala zomwe zanyowa ndi thukuta masana, makamaka za thonje, zimavulidwa asanagone. Chakudya chamafuta madzulo chimapatsa thupi mphamvu yodzitenthetsa. Mowa umanamiza: umakulitsa mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kutentha pamene m'kati mukuzizira. Wogwidwa ndi vutoli amavulidwa zonyowa, amafunditsidwa kuyambira pachifuwa, khosi ndi mutu, amanyamulidwa mosamala, amapatsidwa chakumwa chofunda chotsekemera ngati akutha kumeza, n'kuthamangira naye kuchipatala.

Zipangizo zatsopano zimayesedwa kaye usiku wozizira pafupi ndi nyumba kapena galimoto, pomwe kuthawa n'kosavuta. Ndipo komwe kulibe mitengo yolimba, monga pamwamba pa mapiri aatali ndi m'zidikha za udzu, machila alibe pomangirira, choncho mlenje amanyamula tenti ndi kamatiresi.