Makina a MRI athandiza kusiyanitsa matenda onjenjemeretsa thupi

Munthu wacikulire akayamba kunjenjemera manja, kuuma thupi ndi kuyenda mokoka miyendo, ambiri m'midzi amati ndi ukalamba, pamene ena amaganizira ufiti. Koma zizindikiro izi zimabwera ndi matenda angapo a mu ubongo, amene amaoneka ofanana ngakhale kuti thandizo lake ndi losiyana.

Odziwika kwambiri ndi matenda a Parkinson, amene dokotala wa ku London, James Parkinson, anawafotokoza mu 1817. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu oposa 8.5 miliyoni anali ndi matendawa. Amayamba pamene mbali ya ubongo yopanga dopamine iwonongeka, ndipo mankhwala a levodopa amathandiza odwala ambiri kwa zaka zoculuka.

Palinso matenda ena awiri, ocedwa PSP ndi MSA, amene poyamba amafanana ndi a Parkinson koma amakula msanga, ndipo levodopa sawathandiza kwenikweni. Wodwala PSP amagwa cagada kawirikawiri ndipo amavutika kuyang'ana pansi. Wodwala MSA amamva cizungulire akaimirira ndiponso amavutika ndi mkodzo.

Apa ndi pamene makina a MRI amathandiza. Makinawa amajambula mkati mwa mutu pogwiritsa nchito maginito amphamvu ndi mafunde a wailesi, popanda kung'amba munthu. Kwa wodwala Parkinson, cithunzi nthawi zambiri cimaoneka ngati ca munthu wabwinobwino. Kwa wodwala PSP, mbali ya pamwamba ya tsinde la ubongo imafota, ndipo ikajambulidwa cam'mbali imaoneka ngati kambalame ka mlomo wautali. Kwa wodwala MSA, pa tsinde lomwelo pamatha kuoneka cizindikiro conga mtanda.

Cithunzi cingaonetsenso zipsera za sitiroko, cotupa, kapena madzi oculuka mu ubongo. Vuto la madzi limeneli nthawi zina limacepa ndi opaleshoni, ndipo wodwala amayambanso kuyenda bwino.

Komabe MRI payokha siitchula dzina la matenda. Matenda akangoyamba kumene, zizindikiro zija sizioneka nthawi zonse, motero dokotala amadalirabe kupima wodwala ndi kumva mbiri yake.

Kwa anthu a m'boma la Chama nkhaniyi ndi yaikulu, cifukwa ulendo wa ku Lusaka kudzera ku Lundazi ndi Chipata ndi wa makilomita oposa 800, ndipo umadya ndalama za banja. Ku Lusaka ndi kumene cipatala ca University Teaching Hospital cinayamba kuphunzitsa akatswiri a matenda a ubongo mu 2018, ndipo oyamba anatsiriza maphunziro awo mu 2020.

Ndiye cifukwa cake ulendo uyenera kuyambira pa kiliniki yapafupi kapena pa cipatala ca boma la Chama. Acibale auze dokotala nthawi imene vuto linayamba, dzanja limene linayamba kunjenjemera, kangati wodwala wagwa, ndi mankhwala onse amene amamwa. Mankhwala ena a matenda a maganizo, monga haloperidol, amabweretsanso kunjenjemera, ndipo dokotala angathe kuwasintha popanda kutumiza munthu kutali.

Wodwala amene watumizidwa ku MRI anene msanga ngati ali ndi citsulo m'thupi kapena kacipangizo kothandiza mtima, popeza maginito a makinawa ndi amphamvu kwambiri.