Musanagulire mwana makina a masewera, funsani za disiki

Tikangogulitsa cimanga, ana amayamba kutinong'oneza za PlayStation. Makolo anzathu, tifunse kaye m'sitolo: kodi makinawa ali ndi polowetsa disiki? Kuyambira mu 2020, Sony imagulitsanso PlayStation 5 yopanda polowetsapo. Masewera ake ndi okopera pa intaneti, ndipo ena amapitirira ma GB 50. Nanga mabando amenewo adzagula ndani?

Nintendo Switch 2, yonyamula m'manja, inatuluka mu 2025. Makadi ake ena alibe masewera m'kati, ndi kiyi cabe yokakopera.

Disiki mwana akatopa nayo amasinthana ndi mnzake, kapena kuigulitsa. Masewera ogulira pa akaunti sagulitsika. Sitolo za pa intaneti nazonso zimatsekedwa: Nintendo inatseka ya 3DS mu 2023.