Chifukwa Chake Lamya Imakwawa Kuseri kwa Phiri

TETE. Amene amayenda ulendo wa ku Ulónguè akudziwa kuti lamya ya m'manja imathamanga pafupi ndi nsanja, koma kuseri kwa mapiri imayamba kukwawa. Ambiri amati yawonongeka. Iyayi, nsanja imachita dala.

Mafunde a wailesi ndi ochepa ngati dimba. Bungwe la INCM ndilo limagawira makampani, ndipo palibe wololedwa kulima kupyola malire. Mu 1996 Gerard Foschini wa ku Bell Labs, ku America, adaonetsa kuti ma antena angapo angatumize mauthenga osiyana pa funde limodzi nthawi imodzi. Njirayi amaitcha MIMO, ndipo ndiyo ili mu 4G.

Komabe wanjinga sasenza matumba ofanana pa tala ndi m'matope. Lamya imauza nsanja m'mene ikumvera. Ikamamva bwino, chizindikiro chilichonse chimanyamula ma bit 6, ndiyo 64-QAM. Mafunde akafooka, nsanja imatsitsa mpaka 2, ndiyo QPSK, munthu asanaphethire n'komwe. Motero mlimi wa mbatata ku Angónia wofunsa mtengo wa ku msika wa Tete amadikira pang'ono, koma yankho limafika lathunthu.