Utoto wopyapyala wotchinga mafunde osokoneza zipangizo

Amene anakhalapo pafupi ndi chimkuzamawu pa ukwati masiku a mafoni a mabatani akukumbukira kuti foni isanalire, sipika inkayamba yalira yokha kuti dididi, dididi. Foni ya GSM imatumiza mafunde ake modukizadukiza, maulendo 217 pa sekondi, ndipo mawaya a sipika amawatola n'kuwasandutsa phokoso. Pa ukwati anthu amangoseka. Koma m'ndege kapena m'chipinda cha odwala mwakayakaya, mafunde osochera oterewa angathe kunamiza makina amene agwira moyo wa munthu.

Mankhwala ake ndi akale. Mu 1836, Michael Faraday anasonyeza ku London kuti chinthu chikakutidwa ndi chitsulo, magetsi akunja sachifikira. Kasefa kakuda ka pa chitseko cha microwave kamagwira ntchito yomweyo, ndipo wokonza mafoni akatsegula foni amapeza titsulo tophimba tizipangizo tam'kati. Chovuta n'chakuti kopa ndi aluminiyamu amalemera, amadya malo, pomwe mafoni ndi makompyuta akunkira kupyapyala. Komanso chitsulo chimangobweza mafunde, omwe amakagwera kachipangizo kena kapafupi.

Mu 2011, pa Drexel University ku Philadelphia, Michael Naguib, wophunzira wochokera ku Egypt, pamodzi ndi aphunzitsi ake Yury Gogotsi ndi Michel Barsoum, anathira asidi wa hydrofluoric pa ufa wokhala ndi titanium, aluminiyamu ndi carbon. Asidiyo anadya aluminiyamu yekha, n'kusiya timapepala tating'onoting'ono tomwe kuchindikala kwake n'kwa maatomu ochepa chabe. Anatitcha MXene. Chimene chinakopa akatswiri n'chakuti timapepalati timadutsitsa magetsi bwino kwambiri, koma timasakanikirana ndi madzi, moti munthu angathe kupopera kapena kupaka ngati utoto.

Mphamvu yake yotchinga inaonekera mu 2016, pamene a ku Drexel ndi gulu la Chong Min Koo la ku Korea Institute of Science and Technology anafalitsa zotsatira zawo m'magazini ya Science. Kachikopa ka mamaikiromita 45, kopyapyala kuposa tsitsi la anthu ambiri, kanatchinga mafunde ndi madesibelo 92. Tanthauzo lake n'lakuti pa magawo biliyoni imodzi a mphamvu ya mafundewo, ngakhale gawo limodzi lathunthu silinadutse.

Chinsinsi chili m'kasanjidwe kake. Mafunde ambiri amabwerera pamwamba pomwepo. Amene alowa amakumana ndi timapepala tambirimbiri tosanjikizana, amagunda aka n'kubwerera, amagundanso kena, ndipo pogunda paliponse amataya mphamvu yomwe imasanduka kutentha pang'ono, mpaka kutheratu. Apa ndiye pagona phindu lenileni, chifukwa mafunde omezedwa sangakavutenso kwina. Mu 2020 magulu omwewo anatenga mtundu wina wa MXene wokhala ndi nitrogen, anauwotcha, ndipo kachikopa ka mamaikiromita 40 kanafika madesibelo 116, kuposa kopa wochindikala chimodzimodzi, makamaka pomeza mafundewo. Chaka chomwecho a ku Drexel anaviika nsalu ya thonje m'madzi a MXene, nsaluyo n'kutchinga mafunde 99.9 peresenti.

Komabe ntchito ikadalipo. Asidi wa hydrofluoric ndi woopsa, amalowa pakhungu mpaka kufika pa fupa, motero ambiri tsopano amamupanga pang'onopang'ono m'botolo momwemo posakaniza lithium fluoride ndi asidi wa hydrochloric. Kuwonjezera apo, MXene ikakhalitsa m'madzi ndi pa mpweya imawonongeka n'kusanduka titanium dioxide, yomwe sidutsitsa magetsi bwino. Chotchinga chimene chingafooke nyengo yachinyezi isanathe palibe fakitale ingachigule, n'chifukwa chake ofufuza akulimbana ndi kuchikuta m'pulasitiki ndi kuchisunga pozizira.

Mmalawi ali ndi chifukwa chotchera khutu ku nkhaniyi. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe, kampani ya Sovereign Metals ya ku Australia inapeza rutile wochuluka zedi, mwala umene amachotsamo titanium, ali pamodzi ndi graphite, yemwe ndi carbon. Titanium ndi carbon n'zimene zimatsala mu MXene aluminiyamu akachoka. Kuchokera pa dothi la ku Kasiya kukafika pa kachikopa kopaka m'foni pali ng'anjo zotentha madigiri oposa 1,000, ma labu ndi akatswiri a kemisitiri, ndipo ndalama zambiri zili kumeneko osati pokumba. Masukulu athu aukachenjede ophunzitsa sayansi ayenera kuyamba kukonzekeretsa ophunzira awo migodi isanatsegulidwe.