Agogo akayamba kusintha khalidwe

Ambiri mwa ife m'makalabu a achinyamata tinaleredwa ndi agogo, makamaka pamene Edzi inatenga makolo athu. Lero agogo aja akalamba, ndipo pamisonkhano yathu timamva madandaulo: "Agogo anga amangokalipa." "Akuti ndinawabera ndalama." Ena afika posiya kudyera nawo limodzi. Koma kawirikawiri chimene chasintha ndi thupi la agogo, osati chikondi chawo pa ife.

Tiyambe ndi makutu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 25 mwa 100 aliwonse a zaka zopitirira 60 ali ndi vuto lalikulu la kumva. Makutu a munthu wokalamba amayamba ndi kuphonya mawu opyapyala, monga a ana ndi atsikana. Agogo amamva kuti mukulankhula, koma sagwira chimene mwanena. Pachinkhoswe kapena pamaliro, pamene aliyense akulankhula, amangomva phokoso. Akayankha zosagwirizana ndi funso ana amaseka, iwo amachita manyazi, kenaka amasiya kupita pagulu. Ife timati ayamba kunyada. Kufuula kuja nakonso si ukali ayi: sakudzimva okha.

China ndi kuiwala. Kubwereza nkhani imodzimodzi n'kofala, ndipo kumvetsera kachiwiri sikutichotsera kanthu. Koma kwa ena kuiwalako ndi matenda a muubongo amene madokotala amawatcha dementia. Agogo amabisa ndalama pansi pa mphasa, amaiwala, ndipo woyamba kuganiziridwa ndi mdzukulu amene amasesa m'nyumba. Zimapweteka, tikudziwa. Komabe kutsutsana nawo kumangokulitsa mkangano. Ndi bwino kunena kuti, "Agogo, tiyeni tifunire limodzi," ndi kumadziwa malo amene amakonda kubisamo zinthu.

Matendawa amathanso kudzutsa munthu usiku n'kumayenda osadziwa kumene akupita. Agogo akapezeka pakhomo pa eni m'bandakucha, mudzi wonse umati agwidwa akutamba. Mphekesera zotere zimapha. Mu Januwale 2016, ku Neno, anthu okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti mphezi itapha mtsikana wina. Kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa lamulo la 1911 lokhudza ufiti. Nthawi zambiri amene amatumidwa kukagenda ndi achinyamata ngati ife, ndipo kalabu yathu iyenera kukana poyera.

Nanga kunyumba titani? Polankhula ndi agogo tizimitse wailesi, tikhale moyang'anana nawo kuti aone milomo yathu, ndipo tilankhule mofatsa osati mokuwa. Anzawo akasiya kubwera kudzacheza, tiwaperekeze kutchalitchi kapena kumzikiti m'malo mowasiya okha pakhonde.

Ngati khalidwe lasintha mwadzidzidzi, m'masiku ochepa chabe, tisati ndi ukalamba. Malungo, shuga kapena matenda a m'chikhodzodzo amatha kusokoneza munthu wamkulu, choncho tithamange nawo kuchipatala. Tikumbukirenso kuti ena mwa amene anayamba kulandira ma ARV aulere mu 2004 tsopano ndi agogo. Akayamba kuiwala, amaiwalanso mankhwala. Ngati anatiuza za momwe magazi awo alili, tiziwakumbutsa nthawi yomwera ndi tsiku lokatenga ena, koma osalengeza nkhani yawo kwa anzathu.