Kukhudza madzi si kusamba m'manja

Amene anali mu Blantyre mu 2020 sangaiwale zidebe zija. Boma litalengeza pa 2 Epulo kuti Covid-19 yalowa m'dziko muno, pamakomo a masitolo ambiri, kuyambira mu Victoria Avenue mpaka ku msika wa Limbe, panaikidwa chidebe cha kampopi, beseni pansi ndi sopo pambali. Ambirife tinkangotsegula kampopi, kunyowetsa nsonga za zala, kuwaza madziwo, n'kulowa. Mlonda naye ankangoti "pitani bwana."

Uphungu wa zaumoyo wa nthawi imeneyo, ukalembedwa m'Chingerezi, unkatsamira pa mawu awiri, "touch" ndi "rub". Onse amanena za dzanja lofika pa chinthu, n'chifukwa chake ana asukulu amawasokoneza. Koma "touch" ndi kukhudza chabe: chala chafika pa chitseko cha minibasi ya ku Ndirande, chachoka, zatha. "Rub" amafuna zinthu ziwiri zimene kukhudza kulibe, kutsindika ndi kuyendetsa dzanja uku ndi uku, mobwerezabwereza.

Apa Chichewa n'cholemera. Mayi amasisita mwana pamsana kuti agone. Agogo amatikita bondo lowawa. Wochapa ku mtsinje wa Mudi amafikisa kolala ya malaya mpaka litsiro litatheratu, wotsuka mbale amakwecha mphika ndi mchenga, ndipo tikasamba timapaka mafuta. Mngelezi angathe kunena "rub" pa zonsezi. Ife timasankha mawu molingana ndi mphamvu ya dzanja komanso cholinga chake, ndipo womasulira uthenga wa zaumoyo akasankha molakwa, uthengawo umafika wopunduka.

Pa chidebe paja, mawu oyenera anali kufikisa. Tizilombo timabisala m'mafuta a pakhungu, pakati pa zala ndi m'zikhadabo. Sopo amamasula mafutawo, koma chimene chimawachotsa ndi kufikisa zikhatho, kuseri kwa manja ndi chala chachikulu chimene ambiri timachiiwala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati kusamba ndi sopo kutenge masekondi 40 mpaka 60, pamene kwa sanitaiza ndi 20 mpaka 30, kufikisa mpaka manja aume. Pamene kolera inavuta kwambiri, mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe kuchedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023, nkhani inali yomweyo.

Koma m'maso zimatembenuka. Kumeneko ngakhale kukhudza n'koletsedwa, ndipo kufikisa n'koipa koposa. Diso likamanyerenyetsa, dzanja limathamangira lokha, n'kutenga matenda m'diso limodzi kupititsa m'linzake. Kachitsotso kakalowa m'diso nthawi ya fumbi la Okutobala, kufikisa kumakanda galasi la diso. Anamwino amati tsukani ndi madzi oyera, ndipo kakakana kutuluka pitani kuchipatala cha maso ku Queens, manja ali kutali ndi nkhope.